Zimene Sitinena pa Mzere wa Maminibasi

Libuyu, Livingstone
Lamlungu masana

Inonge mwana wanga,

Ndakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, chifukwa m'nyumbamo amayi ako andithamangitsa. Akuti ndikuwapingapinga pamene akusita zovala zako, komanso akuti nkhope yanga ikuwaliza. Nkhope yomweyi akhala akuiona chikwatirane chathu osalira, lero ndiye yawaipira. Ndiye ndati bola ndikulembere, poti ndikudzidziwa ndekha. Mawa pokwera basi ya ku Lusaka ndidzangoti uyende bwino, kenako n'kuyamba kukangana ndi kondakitala za mmene waikira chikwama chako.

Choyamba ndikuuze kuti ndakondwa. Ndakondwa mpaka madalaivala onse a pa siteshoni atopa nane. Utandiuza koyamba kuti wapeza ntchito ya ubizinesi analisiti, ine ndinkaganiza kuti ukukagulitsa katundu wa boma, mpaka unachita kundikhazika pansi n'kundifotokozera ngati mwana wa giredi wani. Pano ndimatha kufotokozera ena. Ndimawauza kuti boma likufuna kuika makina m'masiteshoni a mabasi, oti azisunga mzere wa magalimoto ndi kugulitsa matikiti pa foni. Mwana wanga ndiye aziyenda kufunsa anthu mmene amagwirira ntchito, n'kulemba zimene makinawo ayenera kuchita, kuti opanga mapulogalamu a kompyuta asangopanga za m'mutu mwawo. A Siame, aja a minibasi yosowa galasi lakumbuyo, anandiyankha kuti, "Ba Phiri, manje mwana wanu azankala ba bosi banu, ka?" Ndinati ubwana umenewo anauyamba kale akukwawa.

Usawakwiyire amayi ako, koma andiuza. Akuti Lachinayi unalira kukhitchini. Akuti wawerenga mapepala a ntchitoyo, ndipo waona kuti makinawo akabwera, wosunga mzere ngati ine sadzafunikanso. Akutinso ukuganiza zokalemba kuti siteshoni iliyonse iyenera kukhala ndi munthu woitana magalimoto, kaya akufunika kaya sakufunika, kuti atate ako asachoke pa benchi yawo. Zikakanika, akuti ukapempha kuti ku Livingstone atumizeko wina. Nkhani imene ndakhalira pansi pano ndi imeneyo. Koma ukudziwa kuti atate ako sapita molunjika, ndiye upirire, ndiyamba ndi shelefu.

Shelefu ya m'khitchini ija, imene amayi ako amakwerera kampando kuti atenge mchere, ndinakhoma ndine. Tinali titangokwatirana kumene. Tsiku lina ndinawamva akudandaula kwa mnzawo kuti mbale zikungokhala pansi, ine n'kuti apa ndiye ndionetse kuti akwatiwa ndi mwamuna. Sindinawafunse. Ndinapita ku msika wa Maramba, ndinagula thabwa labwino la mukwa, n'kudikira kuti apite ku kwaya. Poyeza ndinaimirira ndekha, n'kutambasula dzanja langa, n'kuti apa ndiye pabwino. Ndinaiwala kuti mwini khitchini amandilekeza paphewa. Atabwera anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali, anawomba m'manja mwa Chilozi chawo chija, n'kunena kuti zikomo kwambiri. Ine n'kumayenda motukula mapewa mwezi wathunthu. Zoti yatalika anadzandiuza iwe utabadwa kale, ndipo nditati ndiitsitse anakana, akuti isiyeni ikhale umboni.

Ndiye mwana wanga, zikomo wa munthu usamutenge ngati yankho. Anthu athu ndi aulemu, makamaka kwa mlendo amene wakoloweka kakhadi ka boma pakhosi. Ukawafunsa kuti kodi izi zikhala bwino, adzati zikhala bwino kwambiri, iwe n'kubwerera ku Lusaka ukumwetulira. Usamafunse choncho. Uziti, tandionetsani mmene munachitira dzulo. Ndipo uzifunsa amene adzafikire chinthucho ndi dzanja lake tsiku ndi tsiku, osati amene watumiza ndalama yokha.

Adzakukonzera misonkhano m'mahotela, mozizira bwino, pa tebulo pali timabotolo ta madzi. Upite, ndipo udye ndithu, usatibwerere utaonda. Koma kumeneko kumabwera atcheyamani a madalaivala atavala majekete, ndipo tcheyamani amafotokoza siteshoni imene amailota, osati imene ilipo. Sindikuwanena okha. Inenso ndinaitanidwako kamodzi, ndinavala tayi ya paukwati ija. Atandipatsa maikolofoni ndinangomva pakamwa panga pakutuluka Chingerezi chimene sindinkadziwa kuti ndili nacho, ndipo ndinauza alendo kuti maminibasi athu amanyamuka pa nthawi yake. Inonge, minibasi yonyamuka pa nthawi yake unaionapo kuti? Minibasi imanyamuka ikadzaza. Koma chipindacho chinali chokongola, atcheyamani akundiyang'ana, ndipo ndinaona ngati kunena zoona n'kuchititsa manyazi tauni yathu. Mmodzi wa alendowo analemba mwachangu, akugwedeza mutu. Sindidziwa kuti mawu angawo anakathera kuti, koma ndimapemphera kuti palibe anamanga nawo kanthu.

Ukachoka ku hotelako, upite pa siteshoni m'mawa, nthawi imene amayi a kuno ku Libuyu amapita ku Maramba ndi mabeseni a tomato ndi nsomba zouma. Usavale nsapato za gogoda. Ungoima pambali n'kumaona. Uone mmene beseni limakhalira ndi mpando wakewake, ndi mmene kondakitala amasungira malo a pakhomo kwa gogo wa mwendo wovuta popanda wina kumuuza. Uone kumene foni ya mayi wamalonda imakhala, yomangidwa pamfundo ya chitenje, pansi pa mwana wobereka kumbuyo. Tsiku limene udzalembe kuti wokwera aliyense azionetsa tikiti ya pa foni pakhomo la galimoto, udzakumbukire kuti manja onse awiri a mayi ameneyo agwira beseni. Wa Chitonga umufunse m'Chitonga, ngakhale chako n'chothyokathyoka, akusekeko pang'ono n'kumasuka. Wa Chilozi umufunse m'chinenero cha amayi ako. Chingerezi uchisungire mabwana ako ndi alendo ogula ziboliboli ku Mukuni Park.

Tsopano ndikuuze imene sindinakuuzepo bwinobwino. Nthawi imeneyo unali ku sekondale yogonera konko, ndiye sunaione. Kunabwera kampani ina kudzayesa makina a mzere pa siteshoni pathu, kwa miyezi yochepa chabe. Anayamba atumiza bambo wina waulemu, wogwira ntchito yonga yakoyi. Anakhala nane pa benchi tsiku lonse dzuwa likumuphika, osadandaula. Anandifunsa kuti mzere umayenda bwanji. Ndinati wofika poyamba amapakira poyamba. Anafunsanso kuti, nthawi zonse? Ndinati nthawi zonse. Sindinamunamize ayi. Akanandigwiritsa Baibulo ndikananena zomwezo, chifukwa chinthu china chimene timachita pa mzere sindinkachiwerengera ngati lamulo.

Chinthucho ndi ichi. Dalaivala akafedwa, kapena mkazi wake akagonekedwa m'chipatala, tsiku limene wabwerera ku ntchito sadikira mzere. Akangolowa pageti, wosunga mzere amamukodola kuti apite kutsogolo, ngati kuti nthawi yake yakwana. Amene anali patsogolo sanena kanthu. Wina amatsegula boneti ngati injini yavuta, wina amapita kukagula zitumbuwa, wina amagona pachiwongolero. Zimatero tsiku lonse, mwina mpaka mawa lake. Mwini wake naye safunsa, ndipo sathokoza. Akathokoza ndiye kuti wavomera kuti wathandizidwa, ndipo munthu amene wangoika mkazi wake m'manda sumuwonjezera katundu woti aziyenda akugwadira anzake. Patokha, motsitsa mawu, timati lodi ya maliro, ndiko kuti mwayi wopakira anthu umene timapatsa wofedwa. Ine ndinaipeza ilipo, ndipo sindidziwa kuti anaiyambitsa ndani.

Makina aja anabwera. Galimoto ikalowa pageti ankaiwerenga n'kuonetsa nambala yake pa chikwangwani chowala, ndipo chitsulo cha potulukira chinkatsegukira yekhayo amene nambala yake ili pamwamba. Kunena zoona ankagwira ntchito bwino. Ndewu za m'mawa zinatha, ine mpaka ndinayamba kunenepa. Kenako a Mubita anataya mkazi wawo. Ukuwakumbuka a Mubita, aatali aja a ku Mongu, amene ankakupatsa masiwiti ukandibweretsera chakudya. Tsiku limene anabwerera ku ntchito analowa pageti atabaya kansalu kakuda pamalaya. Ndinawakodola mwachizolowezi. Anapita kutsogolo, anthu anakwera, minibasi inadzaza. Atafika pa chitsulo, chitsulo chinakana. Nambala yawo inali pansi penipeni pa chikwangwani, ikuwala kuti aliyense aone.

Ndinathamangira kwa wa kampani amene ankayang'anira makinawo. Anamva chisoni ndithu, koma anati njira ndi imodzi yokha: dalaivala aliyense wa patsogolo abwere yekha pa kawindo, anene kuti akuchoka pa mzere, apereke chifukwa, chilembedwe. Ndiye tangoganiza, mwana wanga. Ine kuyenda galimoto ndi galimoto, ndikunena mokweza chinthu chimene sitinachinenepo chiyambire. Madalaivala anabwera onse, panalibe wokana. Anandanda pa kawindo paja, aliyense akuti, "Lembani ati namupasa malo Mubita, afedwa." Okwera m'minibasi muja akumva zonse. Mayi wina mkatimo anayamba kuuza anzake kuti bambowa ndi achisoni, tiwaponyereko kangachepe.

A Mubita anazimitsa injini, anatsika, n'kutsegula chitseko cha okwera. Anati, "Ba mayo, ba tata, selukani. Kwelani ija ili pa namba wani." Anthu anatsika mwakachetechete. Kenako anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Ba Phiri, ine sinine wopempa. Nizayembekeza monga aliyense." Anabweza galimoto kumbuyo kwa mzere, n'kukhala mkati magalasi ali chitsekere, kutentha konse kuja, mpaka nthawi yawo inakwana. Sabata yotsatira anasamukira ku siteshoni ina, ndipo patapita nthawi ndinamva kuti anabwerera kwawo ku Mongu. Makinawo anadzachotsedwa kuyesa kutatha, koma a Mubita sanabwerere. Ndimawasowa mpaka lero, ndipo nkhani imeneyi imandipwetekabe.

Bambo wofunsa uja sanali woipa, ndipo makina sanalakwe. Anachita zimene tinawauza. Funso lake linali labwino, yankho langa linali loona, koma chinthu chenichenicho chinatsala osatchulidwa. Ndiye iwe ukafunsa za lamulo, ufunsenso kuti, ndi liti pamene simunalitsatire, ndipo tsiku limenelo kunachitika chiyani? Ukaona anthu akuyang'anana osayankha, usathamangire funso lina. Tseka kompyuta yako, gula munkoyo, thobwa lathu la kuno lija, khala nawo pansi, udikire. Ufunse za tsiku la maliro, tsiku la mvula yamphamvu, tsiku limene magetsi azima, tsiku limene foni ya kondakitala yabedwa. Masiku abwino savuta, makina aliwonse amawatha. Ndipo munthu akakuuza chinthu motsitsa mawu, nawenso ukachilembe mosamala, usakaike dzina lake.

Pali china chimene ndikuopera mtima wako wofewawo. Anthu akakuuza mavuto awo, iwe n'kumvetsera bwino, adzaganiza kuti wawalonjeza. Ine zinandichitikira ndi denga la pa siteshoni. Madalaivala anandituma ku khonsolo kukadandaula kuti likudontha, amene ndinawapeza anandimvetsera mwaulemu mpaka kundiperekeza pakhomo, ine n'kubwerera kukalengeza kuti denga latsopano likubwera. Mvula itagwa chaka chotsatira tonse tikunyowa, anandipatsa dzina loti Ba Malata, ndipo ena amandiitanabe choncho. Palibe amene anandilonjeza denga, ndinadzilonjeza ndekha. Ndiye uziwauza anthu poyera kuti iwe umalemba ndi kukafotokoza, koma osankha ndi ena. Adzakhumudwa pang'ono tsiku limenelo, koma ukadzabweranso adzakupatsa mpando.

Ku ofesiko ukapeza anthu odziwa makompyuta kuposa iwe. Usachite nawo mantha, komanso usawapeputse. Akati izi sizingatheke, usakwiye, uwafunse chimene chingatheke. Ukapanda kumva, unene kuti sindinamve, bwerezani. Ndikudziwa kuti uli ndi pakamwa pa amayi ako ndi liuma langa, ndipo zinthu ziwirizi Mulungu sanayenere kuziika mwa munthu mmodzi, koma poti zinatero, uzizigwiritsa ntchito posankha. Mabwana usamawayankhe mmene umandiyankhira ine. Ukakhale kwa azakhali ako mpaka upeze nyumba yokhala ndi chitseko cholimba, ndipo akamakudzutsa Lamlungu kuti mupite ku tchalitchi, udzuke. Amayi ako uziwaimbira, osati kungowatumizira tizithunzi ta nkhope zoseka. Za mnyamata uja amakuimbira foni iwe n'kumati ndi wa kwaya, sindinena zambiri. Kwaya yathu ndimaidziwa yonse, ndipo mulibe wa mawu amenewo. Ngati ali ndi nzeru, adzabwere ndi akuluakulu ake masana, tidzamuone.

Tsopano za benchi yanga.

Inonge, ndinawaona makina akugwira ntchito yanga, ndipo mbali yaikulu ankaigwira bwino kuposa ine. Sankakondera, sankatopa, sankatukwanidwa n'kukadwala mutu kunyumba. Ichi ndi choona, ndipo iwe ukuchidziwa, n'chifukwa chake unalira. Ukakalemba kuti wosunga mzere ndi wofunika pamene waona kuti safunika, anzako odziwa makina adzazindikira. Adzafunsa kuti atate ake a mtsikanayu amagwira ntchito yanji, ndipo akadzamva, zonse zoona zimene udzalembe adzazikayikira. Mayi wa beseni uja adzatayidwa limodzi ndi bodza lako. Ntchito yako yoyamba idzathera pamenepo, ndipo ine ndidzakhala pa benchi imene mwana wanga anandigulira ndi dzina lake. Sindingathe kuikhala.

Komanso taganiza. Ukatero ndiye kuti wandichitira zomwe tinawachitira a Mubita, kundithandiza mokweza, papepala la boma, anthu onse akuwerenga. Ayi mwana wanga. Ngati udzafuna kundithandiza, udzachite kunyumba kuno, mwakachetechete. Ndidzapeza thumba la chakudya cha nkhuku kuseri kwa chitseko, sindidzafunsa, ndipo usadzadikire zikomo.

Kodi ndikuopa? Ndikuopa, sindikubisira. Mapazi angawa amadziwa njira imodzi yokha m'mawa, ndipo sindidziwa kuti ndidzawauza chiyani. Ndidzasowa phokoso, ndidzasowa utsi wa dizilo, ndidzasowa ngakhale a Siame ndi mabodza awo. Koma maondo anga anayamba kale kundiuza kuti nthawi yayandikira, makina asanaganiziridwe n'komwe. Sindinaime padzuwa zaka zonsezi kuti iwe uphunzire, kenako udzagwiritse ntchito maphunzirowo kundisunga padzuwa pomwepo.

Ndikupempha chinthu chimodzi chokha, ndipo si cha ine. Lodi ya maliro ukailembe. Ukapeze njira yoti munthu wofedwa apite kutsogolo chitsulo chimutsegukire, popanda dzina lake kuwala pa chikwangwani, popanda wina kupereka chifukwa pa kawindo. Mwina madalaivala azitha kubwerera kumbuyo okha pa mafoni awo osaonekera, mwina pali njira ina. Ine sindikudziwa, zimenezo ndi zimene unapitira ku sukulu. Akakufunsa kuti lamulo limeneli lalembedwa pati, uwauze kuti silinalembedwe paliponse, ndipo iwe ndiwe woyamba. Mwina akana. Ukaumirire mwaulemu, apa ndiye liuma langa lija ukalitulutse lonse. Ndipo usaganize kuti ndi kuno kokha. Ku Chipata, ku Kitwe, ku Kasama, siteshoni iliyonse ili ndi zake zimene sanena, ndipo ukazifufuze monga mmene ndakuuzira.

N'chifukwa chake usapemphe kuti ku Livingstone atumizeko wina. Ubwere wekha. Ukadzafika pa siteshoni pathu usadzandilumphe, ndipo usadzanditche atate pamaso pa anzako a ntchito. Ndidzakusunthira pa benchi monga ndingachitire ndi mlendo aliyense, ndipo udzandifunse zonse, mmene ndimayambira m'mawa, mmene ndimathetsera mikangano, zimene ndimachita mvula ikagwa. Ndidzakuyankha zoona zokhazokha. Pomaliza udzafunse funso limene ukuliopalo, lakuti kodi makina angathe kuitana magalimoto popanda ine. Ndidzati, "Angakwanise, ba madamu." Udzalembe ine ndikuona, ndipo usadzazengereze, chifukwa madalaivala onse adzakhala akuyang'ana mwana wa Phiri akugwira ntchito yake.

Ukadzamaliza tidzakwera minibasi ya ku Libuyu limodzi. Kulira tidzalirira kunyumba, tonse awiri.

Mulungu akutsogolere, mwana wanga. Ndimakukonda, ndipo ndimakunyadira.

Ndine atate ako.